Kodi kaphokoso ka m'masipika mukasuntha mausi kamachokera kuti?

FUNSO: Ndili ndi kamalo koikira anthu nyimbo m'mafoni pa msika wa Lobi kuno ku Dedza. Ndikalumikiza kompyuta ku ampulifaya, masipika amalira "tswiii" nthawi iliyonse ndikasuntha mausi. Ndikaisiya, ziii. Ndinasinthapo masipika koma palibe chasintha. Vutoli gwero lake n'chiyani?
Wowerenga wa ku Lobi

YANKHO: Achimwene, musataye ndalama kugula masipika ena, ngakhalenso mausi ina. Zonsezi n'zabwinobwino. Phokosoli limabadwira m'kati mwa kompyuta, masipika amangolikuza.

Mausi ya USB siyankhula yokha. Kompyuta ndiyo imaifunsa ngati yasuntha, ndipo pa mausi wamba imafunsa ka 125 pa sekondi. Mausi ikakhala phee, purosesa imawodzera pofuna kusunga magetsi. Mukangoikankha, purosesa imadzuka kuti iwerengere pomwe kamuvi kafika n'kukajambulanso pa sikirini, kenaka n'kuwodzeranso, n'kudzukanso. Kudzuka kulikonse imakoka magetsi mwadzidzidzi. Magetsiwo pobwerera amadutsa njira imodzi ndi ya kachipangizo kotulutsa mawu, choncho mphamvu ya m'njiramo imagwedera pang'ono, monga madzi a pampopi wanu amachepera mnansi akatsegula wake. Kugwedera kumeneku n'kochepa zedi, koma ampulifaya sisankha: imakuza nyimbo ndi zinyalala zomwe. Mausi za masewera zimafunsidwa ka 1,000 pa sekondi kapena kuposerapo, n'chifukwa chake kulira kwake kumakhala kosongoka ngati likhweru.

Mausi yokha njakale. Douglas Engelbart anaionetsa kwa anthu ku San Francisco mu 1968, ndipo yoyambayo inali yathabwa. USB inabwera mu 1996. Chaka chotsatira, kampani ya Intel inatulutsa dongosolo la AC'97, limene linathandiza kuti kachipangizo ka mawu kazimangidwira pa bolodi lalikulu la kompyuta m'malo mogula khadi lapadera. Mtengo unatsika, ndipo tiyamike, koma mawu anayamba kukhala khomo limodzi ndi purosesa. Makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito omwe timagula ife ngotere.

Tsono yesani izi. Ngati ndi laputopu, zulani chaja muiyendetse ndi batire. Phokoso likatha, ndiye kuti kompyuta ndi ampulifaya zalumikizana kawiri, kudzera pa waya wa mawu komanso pa waya wa ethi, ndipo zinyalala zikuzungulira m'menemo. Zilowetseni zonse pa ekisitenshoni imodzi. Ngati ndi kompyuta ya patebulo, chotsani waya wa mawu pa kabowo ka kutsogolo muulowetse kobiriwira ka kumbuyo, pakuti waya wa kutsogolo umadutsa pakati pa zipangizo zonse m'bokosimo. Tsekaninso maikolofoni ngati simukuigwiritsa ntchito. Kwezani voliyumu ya pa kompyuta, ya pa ampulifaya muitsitse. Zikakanika, kakhadi ka mawu kolowetsa pa USB kamathandiza nthawi zambiri, kapena kachipangizo kotchedwa ground loop isolator koika pa waya wa mawu. Funsani m'masitolo a zamagetsi ku Lilongwe.

Musasokoneze phokosoli ndi ena awiri. Kung'ung'udza kwa "mmm" kosalekeza kumachokera ku magetsi a m'nyumba, omwe kuno amagwedera ka 50 pa sekondi, ndipo inivata yotchipa ya sola imawonjezera kwake. "Dididi" uja womveka foni isanalire ndi wa foniyo. Ichotseni pafupi ndi mawaya.

Pali chimodzi chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse. Amisiri ena adzakuuzani kuti muthyole kamwendo kachitatu ka pulagi. Phokoso lidzathadi, koma kamwendo kameneko ndiko kamathawitsira magetsi pansi waya ukakhudza chitsulo cha bokosi, ndipo zotetezera zipangizo ku mphenzi zimadaliranso komweko. Pamalo panu pamabwera ana ogwiragwira chilichonse, ndipo mvula ya kumapiri a Dedza mukuidziwa ziphaliwali zake. Kamwendoko kasiyeni, mugule isolator.