Mpando wa ku Bembeke

Wonyamuka ku Lilongwe m'mamawa pa msewu wa M1 amafika pa boma la Dedza dzuwa lisanakwere, pakuti mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 85 okha. Akapitirira pang'ono kulowera ku Ntcheu, kumene msewu umatsata malire a Mozambique, amapeza msika wa kachewere, kabichi ndi tomato pa mphambano ya Bembeke. Abwenzi amene apangana ulendo wa tsiku limodzi amaima pamenepa, nagula zandiwo, kenaka nkukhotera kum'mawa kukaona tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Dedza. Akafika amajambulana pakhomo, amadandaula za mphepo yozizira, nabwerera kwawo dzuwa litapendeka. Ndi ochepa amene amafunsa chimene tchalitchi chotere chikuchita kumudzi kuno, boma lili pafupi pomwepa.

Yankho lake lili kunsi kwa mapiri, kuchigwa cha kunyanja. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1889, nakhala kwa Mponda ku Mangochi, koma pofika 1891 adachoka osaphula kanthu. Ansembe a chipani cha Montfort adatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo chaka chotsatira a White Fathers adabweranso nakhazikitsa Mua. Mtakataka idatsatira mu 1908. Malo awiriwa ndi otentha, a udzudzu, ndipo malungo adawasautsa azunguwo. Motero mu 1910 adakwera mapiri natsegula Bembeke, kuti wodwala ndi wotopa azikapumako mpweya wozizira. Malo amene adayamba ngati kopumulira odwala ndiwo adadzasanduka likulu la dayosizi.

Mawu akuti cathedral gwero lake ndi kathedra, mawu a Chigiriki amene Chilatini chidabwereka, ndipo tanthauzo lake ndi mpando. Tchalitchi chimatchedwa dzinali ngati muli mpando wa episkopi, kaya nchachikulu kaya nchaching'ono. Chichewa sichidapange mawu akeake a nyumba yotere. Anthu amangoti "tchalitchi chachikulu", kapena "ku Cathedral". Komatu ganizo la mpando si lachilendo kwa Mchewa kapena Mngoni, amene amadziwa kuti mlandu wa ufumu ndi mlandu wa mpando, ndi kuti funso loyamba nthawi zonse ndi lakuti wakhalapo ndani.

Woyamba kukhala pa mpando wa Dayosizi ya Dedza sadali mzungu. Adali Cornelius Chitsulo, wobadwa mu 1909 m'dera la Mua, amene adaphunzira zaunsembe ku Kipalapala m'dziko la Tanganyika nadzozedwa mu 1937, kukhala wansembe woyamba wa Katolika wobadwira m'dziko la Nyasaland. Mu 1956 dera la Dedza lidapatulidwa kuchokera ku Likuni ndipo lidaperekedwa m'manja mwake. Adadzozedwa uepiskopi mu 1957, ndipo mu 1959 Dedza idakhala dayosizi yoima payokha. Chakachi nchodziwika pa chifukwa china: m'mwezi wa Marichi boma la atsamunda lidamanga Dr Hastings Kamuzu Banda ndi anzake ambiri, pofuna kuzima moto wokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pamene munthu wakuda ankamuyesa wosakhwima pa zolamulira dziko lake, ku Bembeke ansembe achizungu ankagwadira mwana wa ku Mua ndi kumutcha Ambuye. Ufulu wa dziko udadza mu 1964, iye atakhala kale episkopi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo adakhalabe pa mpandowo mpaka imfa yake mu 1984.

Pali china chimene mlendo wa tsiku limodzi sangachijambule, ndicho mawu amene amamveka m'nyumbamo. Misa imene Chitsulo adadzozedwera kuti azipereka idali ya m'Chilatini. Chinyanja chidali cha ulaliki, cha katekisimu ndi cha mapemphero a anthu wamba, ndipo chidafika pa guwa penipeni utatha msonkhano wachiwiri wa ku Vatican wa zaka za 1962 mpaka 1965. Pa zaka zonsezo mawu ambiri a Chilatini adalowa m'kamwa mwa anthu nasintha maonekedwe. Corona idakhala kolona. Eucharistia idataya chilembo choyamba nikhala Ukaristia, ndipo u- wotsalayo adamveka ngati u- wa m'mawu akuti ufumu kapena ulemu, kotero kuti anthu amati Ukaristia Woyera monga momwe amanenera ufumu waukulu. Palibe komiti imene idakhala pansi kukonza zimenezi, lilime lidachita lokha.

Mawu ena sadachokere kutali konse, ndipo apa ndi pamene nkhani imakoma. Nsembe idalipo amishonale asanabwere: ufa ndi mowa zothiridwa patsinde pa mtengo kapena pa kachisi, popempha mvula kwa Chauta kudzera mwa mizimu ya makolo. Akatolika adatenga mawuwa nawaika pakatikati pa chipembedzo chawo, nati nsembe ya Misa, ndipo woipereka adamutcha wansembe. Anzawo a Dutch Reformed, amene adali kale ku Mvera kuyambira 1889 ndi ku Nkhoma kuyambira 1896, adasiya wansembe m'masamba a Baibulo, atsogoleri awo nkuwatcha abusa. Kufikira lero, munthu akangoti "ansembe athu" kapena "abusa athu" waulula kale kumene amapemphera.

Chodabwitsa nchakuti mpingo womwewo umene udabwereka nsembe udalimbana koopsa ndi gule wamkulu. Ku Mua mkangano wa amishoni ndi Nyau udatenga zaka makumi angapo, ndipo Ian Linden adaulemba mwatsatanetsatane m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'nthawi ya Nyasaland. Mnyamata ankayenera kusankha pakati pa sukulu ya mishoni ndi dambwe, ndipo kusankhako kunkagawa mabanja. Chitsulo adakulira m'kati mwa mkangano umenewu. Mawu a makolo ankaloledwa kulowa m'tchalitchi, koma ng'oma zawo ndi zilombo zawo zinkatsala panja. Kunena kuti amishonale adalemekeza chikhalidwe cha Achewa ndi kunena theka la nkhani, ndipo kunena kuti adangochiphwanya ndi theka linalo.

Kusiyana kwa mipingo kudalowanso m'mabuku. Buku Lopatulika, limene William Murray wa ku Nkhoma adatsogolera ntchito yolimasulira, lidatha mu 1922. Akatolika adadikira mpaka 1966 kuti akhale ndi Baibulo lathunthu lawolawo, Malembo Oyera, ntchito ya wansembe wa ku France, Louis Villy. Pamene loyambalo lidati Yehova, linalo lidati Yahve. Pamene loyambalo lidati chisomo, linalo lidati chaulere. Wophunzira zilankhulo angatsutse mawu onse awiriwa: chisomo pa Chichewa cha kumudzi chimayandikira mwayi kapena chikoka cha munthu, pamene chaulere chimakumbutsa katundu wopatsidwa popanda kulipira. Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina adamasulira limodzi, lidazemba onse awiri nilankhula za kukoma mtima kwa Mulungu. Pa dzina la Mulungu lidasankha Chauta, dzina lomwe lija la pa kachisi wa mvula. 

Owerenga a ku Chipata, ku Tete ndi ku Lichinga adziwa kuti mawu ambiri mwa awa ndi awonso, ngakhale kuti kuyambira 1968 chilankhulochi chimatchedwa Chichewa mbali ino ya malire, kwinako nkukhalabe Chinyanja. Seminale ya Kachebere, imene idayamba kuphunzitsa ansembe mu 1939, ili pamalire penipeni pa Mchinji ndi Zambia, ndipo ansembe a mbali zonse ziwiri adaphunzira m'zipinda zomwezo.

Abwenzi amene atsala ndi mafuta m'galimoto angathe kutsika mapiri pa msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, nakhotera kumpoto kukafika ku Mua dzuwa lisanalowe. Kumeneko kuli malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher a chipani cha White Fathers adayambitsa mu 1976. M'nyumba yake yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, zosungidwa pabwalo la mishoni yomwe ija imene idazithamangitsa.