Mtengo wosindikiza mabulosha

Bulosha ndi kapepala kotsatsa malonda kapena msonkhano, kawirikawiri ka A4 kopindidwa patatu. Ku Kabanana ndi m'makomboni ena a Lusaka, osindikiza amawerengera mtengo potengera kuchuluka kwa makope, kukhuthala kwa pepala, mitundu ya inki, ndiponso ngati asindikiza mbali zonse ziwiri. Pepala lonyezimira la 150gsm limadula kuposa lawamba la 80gsm. Mapepala ndi inki zambiri zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo umakwera. Makope ochepa amatchipa pa makina a digito, koma akafika zikwi ndi bwino kugwiritsa ntchito makina a offset, poti ndalama ya mapuleti osindikizira imagawanika pa makope onsewo. Kukonza maonekedwe amalipiritsa padera, ndipo makampani olembetsa VAT amawonjezerapo 16 peresenti.