Kalata ya Maepiskopi ya 1992 ndi Funso la Amphawi

Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, Akatolika a ku Malawi anapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. Itakwana nthawi ya ulaliki, ansembe ndi akatekisiti anatulutsa kabuku n'kuyamba kuwerenga kalata yochokera kwa maepiskopi awo. Kalatayo, imene mutu wake m'Chingerezi unali Living Our Faith, inasindikizidwanso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo inamveka tsiku limodzi m'maparishi a dziko lonse. Lero anthu ambiri amaikumbukira ngati chiyambi cha ndale za zipani zambiri. Izi n'zoona ndithu, komabe kalatayo sinapemphe kuti kukhale zipani zambiri. Inayambira pa funso lakale la Chikhristu: kodi mphawi tichite naye chiyani?

Mipingo inali itayankha kale funsoli ndi manja. Kuyambira pamene amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, komanso pamene ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, tchalitchi chinkamangidwa pafupi ndi sukulu ndi chipatala. Ku Mua kunali malo osamalirako odwala khate. Dziko litalandira ufulu mu 1964, zipatala za mishoni zinapitiriza kuthandiza anthu ochuluka, makamaka akumidzi. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silinkadana nacho chifundo chotere. Kumanga mabala ndi kugawa ufa sikunkasokoneza aliyense wapampando.

Chimene chinali choletsedwa ndi kutchula umphawiwo poyera. Pamisonkhano yake Kamuzu ankakonda kunena kuti anthu ake ali ndi chakudya, zovala ndi nyumba zosadontha. Amayi ankavina, wailesi inkabwereza, ndipo wotsutsa ankatha kutsekeredwa popanda mlandu. Koma kumudzi zinthu zinali zina. ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika, ndipo phindu lambiri linkathera ku maesiteti. Kwa zaka zambiri lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale, amene anali ndi ndalama, motero ambiri ankapita kukakhala matenanti m'minda ya ena. Pamwamba pa izi, dziko linali litalandira anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ku Mozambique, ndipo m'chaka chomwecho cha 1992 chilala choopsa chinagwa m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa.

Maepiskopi analemba zimene wansembe aliyense wakumudzi ankaziona tsiku ndi tsiku. Anati kusiyana pakati pa olemera ndi osauka kukukulirakulira. Anati malipiro a antchito ambiri sakukwanira kusamalira banja, ndipo mlimi ayenera kulandira mtengo wachilungamo pa zokolola zake. Anatchula za ana othithikana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, kusowa kwa ogwira ntchito m'zipatala, matenda a Edzi, ziphuphu ndi kukondera. Kenaka anafika pa mantha: anthu omangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi anthu oopa kuyankhula zakukhosi. Ndondomeko imeneyi ili ndi tanthauzo. Kwa iwo ufulu woyankhula unali mbali ya nkhani ya umphawi, pakuti wanjala amene saloledwa kunena kuti ali ndi njala sangathandizidwe.

Maganizowa sanali achilendo mu Mpingo wa Katolika. Mu 1891 Papa Leo XIII analemba kalata yotchedwa Rerum Novarum yokhudza malipiro oyenera a antchito, ndipo mu 1991 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anachezera Malawi mu 1989, anakumbutsanso za chiphunzitsocho patatha zaka 100. Chachilendo chinali kumva zoterezi m'chilankhulo cha kwathu, zikunena za msika wathu ndi chipatala chathu.

Boma linayankha mwaukali. Pa 10 Marichi apolisi anaitana maepiskopi, kuphatikizapo Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre, n'kuwafunsa mafunso kwa maola ambiri. Kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Pamsonkhano wa akuluakulu a chipani cha Malawi Congress ena anafika ponena kuti maepiskopiwo aphedwe, ndipo mawu awo ojambulidwa anatuluka kunja kwa dziko. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto. Monsinyo John Roche, wa ku Ireland, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko mu Epulo. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonyazo zinabweradi.

Koma mawu anali atatuluka kale. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anaguba pogwirizana ndi maepiskopi. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. M'mwezi wa Meyi antchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino; sitalakayo inafalikira, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa pa zipolowe zimene zinatsatira. Apa m'pamene pakuonekera kuti amene anaimvetsa msanga kalatayo anali anthu amene inkawanena. Mwezi womwewo mayiko othandiza anaimitsa thandizo lina. Atsogoleri a CCAP, a Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana ndi Akatolika m'bungwe la Public Affairs Committee, limene linakambirana ndi boma. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri pa referendamu, ndipo pa 17 Meyi 1994 anasankha Bakili Muluzi kukhala mtsogoleri.

Zina mwa zimene kalatayo inadandaula zinayankhidwa. Andende a ndale anamasulidwa, nyuzipepala zinachuluka, ndipo mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Koma makalasi anadzaza kuposa kale, njala ya 2002 inapha anthu, ndipo mlimi wa fodya akudandaulabe za mitengo kumsika. Mbali ya kalatayo yokhudza ufulu inakwaniritsidwa msanga kusiyana ndi mbali yokhudza m'mimba.

N'chifukwa chake kuikumbukira ngati chikalata cha ndale chabe n'kuichepetsa. Mipingo ya ku Malawi inasamalira osauka kwa zaka zoposa 100 kudzera m'sukulu ndi m'zipatala, ndipo kawirikawiri olamula ankaiyamikira. Mu 1992 maepiskopi anawonjezera chinthu chimodzi: anafunsa chifukwa chimene anthuwo asaukira, n'kutchula malipiro, mitengo ndi malamulo. Patangopita masiku awiri, apolisi anawaitana.