Mibadwo Itatu ya Ukwati ku Iran

M'masiku a makolo ku Iran, mnyamata akafuna mbeta sankapita yekha, koma ankatsagana ndi atate ndi amayi ake, maluwa ndi zotsekemera zili m'manja, kukachita mwambo wa khastegari; ndipo namwaliyo, polowa ndi tiyi kudzapatsa alendo, m'pamene ankaponya diso pa mwamuna amene akuluakulu anali atafufuza kale mbiri ya kwawo. Ukwati unali pangano la mabanja awiri, ndipo kuchuluka kwa ana kunkayesedwa dalitso.

Boma nalo linaikapo dzanja. Lamulo loteteza banja la 1967, limene linakonzedwanso mu 1975, linachepetsa mitala ndi kukweza msinkhu wokwatiwira kufika zaka 18. Koma ufumu wa Shah utagwa mu 1979, mtsogoleri watsopano, Ayatollah Khomeini, analiimitsa. Chipwirikiti chimenecho, pamodzi ndi nkhondo yolimbana ndi Iraq kuyambira 1980 mpaka 1988, chinabalalitsa mabanja ochuluka, ndipo ambiri anakakhala ku Los Angeles, kotero kuti dera lina kumeneko linatchedwa Tehrangeles. Othawawo ananyamuka ndi misozi, ambiri akuyembekeza kudzabwerera. Otsalawo anabala ana oposa 6 mayi mmodzi, kufikira boma linayamba kulimbikitsa kulera mu 1989, ndipo pofika 2000 chiwerengerocho chinali chitatsikira pafupi ndi 2.

Ana a nyengo imeneyo, pamodzi ndi ang'ono awo, ndiwo akuzengereza kumanga banja lero. Atsikana anadzaza mayunivesite, zaka zina kuposa anyamata. Ntchito zinasowa, lendi ku Tehran inakwera, ndipo mehrieh, chuma chimene mwamuna amalonjeza mkazi wake, kawirikawiri ndalama zagolide, chalowetsa amuna ena m'ndende atalephera kulipira. Ena amakhalira limodzi popanda ukwati ngakhale lamulo limaletsa. Ena mitima yawo ili ku Toronto kapena ku Berlin, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Lamulo la 2021 lolimbikitsa kubereka silinawatembenuze mtima.

Chisoni cha nkhalamba ya ku Isfahan, imene imaona adzukulu ake pa foni pokha, n'chenicheni ndithu, ndipo achinyamata sayenera kuchipeputsa. Koma akuluakulu podandaula kuti ana ataya mwambo, akumbukire kuti ndi iwo eni amene anadzimana kuti ana awo aakazi aphunzire, ndipo amene waphunzitsa mwana kuganiza wam'patsanso ufulu wosankha womanga naye banja ndi dziko lokakhalamo.