Nyali ya pa Goa ndi njira yakale ya kummawa

Banja likasonkha kandalama n'kukhala pansi kupangana za ulendo wa patchuthi, maganizo amathamangira kumene kuli abale: ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota. Kwa ife a kuno ku Milepa, m'boma la Chiradzulu, nyanja ndi kumeneko. Koma ilipo nyanja ina, ya mchere, imene makolo athu ankaidziwa bwino kutiposa. Msewu wochokera pa boma la Chiradzulu, wodzera pa Milepa kulowera ku Migowi ndi ku Chiringa, unalunjika kummawa. Mukautsata n'kuzungulira phiri la Mulanje mpaka pa chipata cha Muloza, kenaka n'kudutsa Milange, Mocuba, Alto Molócue ndi Nampula, mumakafika pa chilumba chotchedwa Ilha de Moçambique. Ndi mtunda wopitirira makilomita 800, masiku awiri pa galimoto ngati muli ndi ana ndi agogo. Kutsogolo kwa chilumbacho, m'kati mwa nyanja, kuli kachilumba ka Goa, ndipo pamenepo pali nsanja ya nyali younikira sitima, yamakona anayi, yamizere yofiira ndi yoyera, imene inayamba kuwala m'chaka cha 1876.

Inu a kunyanja simufunika kuuzidwa ntchito ya nyali pamadzi. Mumaona usiku uliwonse nyali za asodzi a usipa zitandandalika ngati mudzi woyandama, ndipo mumadziwa chimene mwera umachita ukakwiya. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yathu, anthu 145 anapita nayo. Nyali ya pa nsanja ntchito yake ndi yosiyana ndi ya asodzi: imauza woyendetsa sitima pamene ali, ndi pamene pali miyala yoti aipewe. Nsanja iliyonse ili ndi kaphethiridwe kakekake, kotero kuti malinyero amaizindikira mumdima monga mmene munthu amazindikirira mawu a mbale wake kuseri kwa mpanda.

Msilamu ali ndi chifukwa chapadera choimira pansi pa nsanja yotere. M'Chiarabu imatchedwa manara, kutanthauza malo a kuwala, ndipo liwu lomweli linapatsa dzina nsanja ya pa mzikiti yoitanirapo anthu ku swala. Aswahili mpaka lero amati mnara. Manara yotchuka koposa inali ya ku Alexandria, ku Egypt, yomangidwa zaka mazana ambiri Chisilamu chisanafike kumeneko. Ibn Battuta, woyendayenda wa ku Morocco uja, anaiona mu 1326 mbali imodzi itagumuka, ndipo atabwerera mu 1349 anapeza kuti sikulowekanso. Cha m'ma 1477 Sultan Qaitbay anamanga linga pamalo omwewo. Ibn Battuta yemweyo anafika ku Kilwa mu 1331, pa gombe la Tanzania wa lero, n'kupeza mzinda wa Asilamu wolemera ndi malonda a golide wochokera ku Sofala.

Chodabwitsa n'chakuti zombo zimene zinalemeretsa Kilwa zinkayenda pa gombe limeneli zaka mazanamazana nsanja ya pa Goa kulibe. Zinkadalira mphepo ziwiri: kaskazi, yowomba kuchokera kumpoto chakummawa m'miyezi ya dzinja lathu, imene inkabweretsa zombo kuchokera ku Arabia ndi ku India, ndi kusi, yochokera kummwera, imene inkazibweza kwawo. Usiku ankawerenga nyenyezi, zimene Qur'an mu Surat An-Nahl imazitchula pakati pa zizindikiro zolondolera anthu njira. Vasco da Gama atakocheza pa chilumba cha Moçambique mu March 1498 anapeza mfumu ya Chisilamu ikulamulira, zombo za amalonda zili padoko, ndipo anachita kupempha omulondolera njira kwa anthu omwewo. Apwitikizi anadzalanda chilumbacho, n'kumanga katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte mu 1522, ndipo mu 1558 anayamba linga lalikulu la São Sebastião. Mpaka 1752 dera lonselo linkalamulidwa kuchokera ku Goa wa ku India, ndipo kachilumba ka nyali kaja kanatengera dzina kumeneko.

Tsono ife a kumtunda tikulowamo bwanji? Kutsidya kwa chilumbacho, pa mtunda, pali mudzi wa Mossuril. M'zaka za m'ma 1700, chilimwe chilichonse kunkafika maulendo a Ayao atasenza minyanga ya njovu, ena atayenda miyezi kuchokera kufupi ndi nyanja yathu. Ankabwerera ndi nsalu za ku India ndi mikanda. Wolemba mbiri Edward Alpers, m'buku lake la 1975 lonena za minyanga ndi akapolo m'chigawo chino, anasonyeza kuti Ayao ndiwo anali msana wa malonda a minyanga pa chilumbacho, ndi kuti nkhondo za pakati pa Apwitikizi ndi Amakua, pamodzi ndi mitengo yabwino ya ku Kilwa, zinapangitsa maulendo ambiri kupatukira kumpoto. Tisafulumire kunena kuti amalondawa anali Asilamu. Ambiri sanali. Anagulitsana zinthu ndi Asilamu a kugombe mibadwo ingapo asanalowe chipembedzocho. Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, mafumu ena anatsatira, ndipo anthu wamba ochuluka analowa m'zaka zakumapeto kwa 1800 ndi kuyamba kwa 1900, kudzera mwa mashehe ndi jando.

Pano ndiye pamene kholo liyenera kusankha chimene likauze ana. N'kosavuta kuwaonetsa mzikiti wobiriwira wa m'mphepete mwa nyanja, zitseko zosema, ndi amayi odzola musiro kumaso akuvina tufo, n'kunena kuti taonani ulemerero wathu. Zonsezo n'zoona ndipo n'zokondweretsa. Koma njira imene inanyamula minyanga inanyamulanso anthu. Afalansa ankagula akapolo pa chilumbacho kukalima m'minda ya ku Mauritius ndi ku Réunion, ndipo pambuyo pake anthu zikwizikwi anatengedwa kupita ku Brazil. Mu December 1794 sitima ya São José inanyamuka pa doko limeneli ndi akapolo oposa 400. Inasweka pa miyala kufupi ndi Cape Town m'mwezi womwewo. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwanso komweko. Zotsalira za sitimayo zinalengezedwa kuti zapezeka mu 2015, ndipo dothi la ku Mossuril linathiridwa m'madzi pamalo a ngoziyo pokumbukira akufawo. Ogulitsa anali amitundu yambiri: Apwitikizi, Aswahili, Aarabu, Amakua, Ayao. Ena a iwo ankaswali kasanu pa tsiku. Ine ndikuona kuti mwana amene wafika zaka zosala Ramadhan wafikanso zaka zomva zimenezi kuchokera pakamwa pa bambo kapena mayi ake, asanazimve kwa munthu wofuna kumunyoza nazo.

Ndipo nkhaniyi simuyenera kudikira kunyanja kuti muiyambe. Mu July 1861 David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie anamasula akapolo 84 m'mudzi wa Mbame, n'kupita nawo ku Magomero, kumpoto kwa boma lathu lino. Ku Phalombe, pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pankadutsa maulendo a magoli olowera ku Quelimane, n'chifukwa chake Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893. Mabwinja ake alipobe. Patangopita zaka zochepa, njira za kummawa zomwezo zinabweretsa Alomwe othawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Pa msika wa Milepa lero Myao, Mlomwe ndi Mmang'anja amagulitsana nandolo ndi tomato, ambiri ndi apachibale kudzera m'maukwati, ndipo m'magazi a mwana mmodzi mutha kukhala wogwira ndi wogwidwa yemwe. Galimoto ikadutsa m'munsi mwa Michesi, ndi bwino kuima.

Nyali ya pa Goa inabwera mochedwa m'nkhani yonseyi. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, sitima zoyendera malasha zinayamba kuchuluka pa gombe la kummawa kwa Africa. Sitima zimenezi sizinkadikira kaskazi kapena kusi, zinkayenda usana ndi usiku potsata kalendala ya makampani, ndipo zinkafuna nyali. Mu 1875 sitima yoyamba ya Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi, m'madzi amene zombo za a Jumbe a ku Nkhotakota zinkalamulira. Chaka chotsatira nyali ya pa Goa inayaka. Pofika 1895 asilikali a Harry Johnston anali atagonjetsa Makanjira, Jalasi, Kawinga ndi Matipwiri, maulendo aatali a pansi n'kuyamba kutha. Chilumbacho nachonso chinatsala m'mbuyo: likulu linasamukira ku Lourenço Marques mu 1898, katundu wa Nyasaland anatsata njanji ya ku Beira, kumene nsanja ya Macuti inamangidwa mu 1904, ndipo kuyambira 1970 njanji ina inatilumikiza ndi doko la Nacala.

Chisilamu cha pa chilumbacho sichinafooke nawo. Twarika ya Shadhiliyya inafika kumeneko cha m'ma 1897 kuchokera ku zilumba za Comoro, ya Qadiriyya inatsatira kuyambiyambi kwa zaka za m'ma 1900 kuchokera ku Zanzibar, ndipo zonse ziwiri zinafalikira kumtunda. Munthu amene anakulira m'mudzi wa sikiri ku Mangochi kapena ku Machinga akamva zikiri ya kumeneko sadzadziona mlendo. Mu 1991 UNESCO inaika chilumbacho pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Za ulendo weniweniwo n'zachidule. Pitani m'chilimwe, kuyambira June mpaka October. Amene anaona namondwe Freddy mu March 2023, atatulukira cha ku Quelimane n'kudzagumula mapiri a Chiradzulu, Phalombe ndi Mulanje, safunika kuuzidwa chifukwa chake. Konzani mapasipoti a aliyense, mapepala a galimoto, chilolezo choitulutsira kunja ndi inshulansi, ndipo sinthani ndalama zikhale meticais. Ku Mozambique galimoto zimayenda kumanzere ngati kuno. Musapitirire kumpoto ku Cabo Delgado, kumene kwakhala nkhondo kuyambira 2017. Funsani shehe wanu za kufupikitsa ndi kuphatikiza swala pa ulendo, ngakhale kuti mukadutsa Nampula mizikiti ndi nyama ya halali sizisowa. Mlatho wolowera pa chilumba ndi wautali kupitirira makilomita atatu ndipo ndi wopapatiza, choncho woyendetsa akhale wodekha.

Pa Goa pamafikidwa ndi chombo cha thanga. Muzipangana ndi eni chombo madzulo, mulawirire m'mawa potsata kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, ndipo mutenge madzi akumwa okwanira. Mukaima pa nsanjayo n'kutembenukira kumadzulo, mudzaona linga la São Sebastião kumapeto kwa chilumba, ndipo kuseri kwake migwalangwa ndi mitengo ya kokonati ya ku Mossuril, kumene maulendo a kumtunda ankatula katundu wawo.