Kuchokera ku Cairo mpaka kwa Dambe: mbiri ya matsenga ndi mantha athu

Tikabwerako ku Taraweh, ana athu ambiri amatsegula mafoni podikira daku, ndipo amakumana ndi mavidiyo onena za magulu achinsinsi amene akuti akuyendetsa dziko. Dzina lomwe limamveka kawirikawiri ndi Thelema. Tiyeni tione kumene linachokera, kenako tibwerere kuno ku Neno, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali yathu.

Thelema ndi mawu a Chigiriki otanthauza chifuniro. Amene anawasandutsa chipembedzo ndi Mngelezi wina, Aleister Crowley, yemwe anabadwa mu 1875 m'banja lolemera ndi malonda a mowa. Mu 1898 analowa gulu la zamatsenga lotchedwa Golden Dawn. Mu Epulo 1904, ali ku Cairo ndi mkazi wake Rose, ananena kuti mzimu wotchedwa Aiwass unamuuza mawu kwa masiku atatu, iye n'kumalemba. Phata la chiphunzitsocho linali lakuti munthu aliyense ali ndi chifuniro chake chenicheni, ndipo chimenecho ndicho lamulo lake. Msilamu aona msanga pamene tasiyana: dzina la chipembedzo chathu limatanthauza kugonjera chifuniro cha Allah.

Mu 1920 Crowley anatsegula nyumba ya otsatira ake ku Cefalù, pachilumba cha Sicily. Mu 1923 mnyamata wina womutsatira anafera komweko, nyuzipepala za ku London zinamulemba ngati munthu woipitsitsa padziko, ndipo boma la Mussolini linamuthamangitsa. Chuma chinatha, mankhwala ozunguza bongo anamugwira, ndipo anamwalira mu 1947 m'nyumba ya lendi ku Hastings, otsatira ake ali ochepa kwambiri. Komabe dzina lake silinafe. Gerald Gardner anatapa zolemba zake pokonza miyambo ya Wicca, mu 1967 nkhope yake inaoneka pachikuto cha chimbale cha The Beatles, ndipo Jimmy Page wa Led Zeppelin anagula nyumba yake yakale ku Scotland. Chimene chinafalikira kwambiri si matsenga ake ayi, koma mbiri yake yoopsa. Ena inawakopa, ena inawaopseza, ndipo magulu onse awiri anathandiza kuikuza.

Kwathu kuno sitinadikire Crowley kuti tidziwe mantha oterewa. Makolo athu ankamwetsana mwavi pofuna kudziwa mfiti, ndipo osalakwa ambiri anafa nawo. Mu 1911, patangodutsa zaka 7 kuchokera pa za ku Cairo zija, boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loletsa mwavi komanso kunenera munthu kuti ndi mfiti. Lamulolo linatseka pakamwa, koma mantha anatsala mumtima. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka mchape, wochokera cha ku Mulanje. Anyamata ankayenda midzi ndi magalasi oonera mfiti ndi mankhwala omwetsa mudzi wonse, mpaka anafika kwa Abemba ku Zambia. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu ankayenda maulendo ataliatali kupita kwa Chikanga ku Rumphi kuti akawayeretse. Mu 1995, Edzi itavuta, makamu anakhamukira ku Machinga kukamwa mankhwala a Billy Goodson Chisupe, omwe anthu anawatchanso mchape. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, moti bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi.

Taonani nthawi zimene zinthuzi zimabuka. Kumakhala matenda opanda mankhwala, umphawi, kapena imfa yadzidzidzi imene anthu akulephera kuimvetsa. Mtima wosweka umafuna munthu woti umuloze chala.

Ndi zimene zinachitika m'boma lathu lino mu Januwale 2016. M'mudzi wa Chimbalanga, kwa Mfumu Yaikulu Dambe, mphenzi inapha mtsikana. Gulu la anthu linati mphenziyo inali yotumiza, ndipo linapha okalamba anayi. Tonse tikudziwa kuti Januwale ndi pakati pa dzinja, ndipo m'mapiri a Neno mphenzi si mlendo. Palibe amene anaonetsa umboni woti agogo aja analamula mitambo. Chimene chinaoneka ndi maso ndi mitembo inayi yoonjezera pa umodzi.

Chisilamu sichiseweretsa nkhani ya matsenga. Timawerenga Surah Al-Falaq ndi An-Nas popempha chitetezo, ndipo kupita kwa woombeza maula kapena kudalira chithumwa n'koletsedwa. Koma m'Hadith ya Abu Huraira, yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anatchula machimo 7 owononga, ndipo matsenga ali pamndandanda umodzi ndi kupha munthu wosalakwa komanso kunamizira akazi odzisunga. Choncho wonyamula chikwanje kukathana ndi yemwe akumuganizira ufiti sakuthawa tchimo. Akutuluka m'dzenje lina n'kugwera m'linzake. Komanso amene akuti nkhalamba ikhoza kuwongolera mphenzi ngati mbuzi yapachingwe, wapereka kwa cholengedwa mphamvu yomwe ndi ya Allah yekha.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti zamatsenga zimalowa m'mudzi kudzera pa lilime la anthu amantha. Crowley anafa wosauka, koma omuopa ndi omutama anamukuza. Kwa Dambe, mawu oyamba akuti "ndi agogo ajawa" ndi amene anatsegula njira ya imfa.

Swaumu imamanga mimba ndi lilime lomwe. Mwezi uno, uthenga wa pa WhatsApp wotchula munthu kuti ndi wa zamdima uthere pafoni yathu. Tikamva kuti wokalamba wina akunong'onezedwa, tiuze amfumu ndi apolisi maliro asanagwe. Ndipo dzuwa likamalowa, titume ana ndi mbale ya futari kwa gogo amene anthu amamulambalala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonsefe, Insha Allah, tidzameranso imvi.

Allah alandire kusala kwathu ndipo atiteteze ku zoipa za ena ndi za malilime athu. Ameen.