Zisudzo ndi Malonda m'Boma la Phalombe

Luso losanzira anthu pabwalo silinafike ku Phalombe ndi sukulu kapena wailesi, pakuti Alhomwe, amene anayamba kulowa mwaunyinji m'dera la Mulanje kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anadza ndi gule wa tchopa, momwe ovina ena amabereka zikopa, zidole, zida zaulenje ndi ziwiya zakale. Guleyu, amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake mu 2014, ankavinidwa pa nsembe zopempha mvula ndi pokondwerera zokolola, ndipo wovina sankayembekezera malipiro kupatula kufupa, ndiko kuti kamphatso komwe woonerera amapereka akakhutira.

Ganizo loti sewero lingadyetse mwini wake linakhwimira ku Blantyre, kumene Du Chisiza Jr anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, pamene a Kwathu Drama Group pamodzi ndi John Nyanga ndi Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo, anaonetsa kuti zisudzo za m'Chichewa zimadzaza holo. Wosewera m'magulu otere ankaphunzira zambiri zosalembedwa m'sewero, monga kubwereka holo, kumata zikalata zoitanira anthu, kupeza galimoto ndi kugawa ndalama zapakhomo popanda mkangano, kotero kuti Chisiza atamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira, yemwe anakulira m'gulu lake, anatha kuyambitsa Wanna-Do Ensemble Theatre.

Ku Phalombe, komwe kunakhala boma palokha mu 1998 kutapatulidwa ku Mulanje, njirayi sikanayenda chimodzimodzi, chifukwa mlimi amagwira ndalama akagulitsa nandolo kapena mpendadzuwa, ndipo miyezi inayo sangalipire pakhomo. Olipira anakhala mabungwe, kudzera m'zisudzo zachitukuko, zomwe ndi masewero ochitikira pabwalo la mudzi ndi cholinga choti oonerera akambirane vuto lawo, njira yomwe David Kerr ndi Christopher Kamlongera a ku Chancellor College anailimbikitsa m'zaka za m'ma 1980. Nkhani zosewera sizinasowe m'boma lomwe linaona napolo wa m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, mliri wa Edzi, ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Vuto la ndalama ya bungwe ndi lakuti imatha tsiku lomwe pulojekiti yatha, ndipo magulu ambiri amathera pomwepo.

Chimene chimatsala ndi luso la munthu payekha, makamaka mawu omveka patali, kusowa manyazi, ndi diso lodziwa pamene khamu layamba kutopa. Ukwati umalemba munthu wotere kuti ayendetse perekaniperekani, gawo la mwambo lomwe alendo amaponya ndalama akuvina, ndipo eni ukwati amadziwa kuti zotoleredwa zimadalira pakamwa pake. Amene wasunga pang'ono, kapena wakongola ku banki m'khonde, gulu la m'mudzi losungitsana ndi kubwerekana ndalama, amagula zimkuzamawu zobwereketsa, pamene wina amatsegula belo la kaunjika pa tsiku la msika ku Migowi kapena ku Chiringa, kumene ogula amayamba aima kwa woitanira amene wawaseketsa.